Tebulo la Ba Namasiku

Ba Namasiku a ku Malota akalambira pa tebulo la nsomba mumsika. Mamba anawadya zikhadabo, ayezi woziziritsira nsomba anawaumitsa zala, msana ndiye musanene. Chomwe ankafuna n'chimodzi basi, kumusiyira tebulolo mwana wawo Lushomo kuti iwo apume. Koma Lushomo anali ataitanidwa kukayamba ntchito yochapa pa loji ina yogona alendo ku Nakatindi, ndipo mayi akewo ankamukaniza. "Tebulo ni yathu," ankatero. "Ku loji ni kwa bene."

Kenaka kunabwera Dennis, wofufuza za nsomba, ali ndi laputopu ndi kamera. Anati m'mutu mwa nsomba muli timiyala tokhala ndi mizere ngati ya pa chitsa cha mtengo. Iye amatijambula, ndipo kompyuta, yomwe anaiphunzitsa ndi zithunzi zambirimbiri, imanena zaka za nsombayo.

Tsiku loyamba Dennis anang'amba mitu ya nsomba za Ba Namasiku ndi mpeni, nsombazo n'kutandala pa tebulo mpaka madzulo. Ndani angagule nsomba yophwanyika mutu, mutuwo uli wa bambo a pakhomo? Ba Namasiku anamukalipira zenizeni. Dennis anapepesa, n'kuwaonetsa njira yochedwa, yolowetsa kachitsulo kunsi, mopumira nsomba, mutu n'kutsala wathunthu.

Ba Namasiku anavomera, koma osati chifukwa cha chifundo ayi. Ankafuna kudziwa chifukwa chake nsomba za mu Zambezi zikufika zonga chikhatho, pomwe kale imodzi inkakwanira banja. Asodzi ankati ndi mtundu wina, wosakula. Ba Namasiku ankangokhulupirira, poti kufunsa kumatopetsa.

Nyengo yozizira itatha, Dennis anawatembenuzira laputopu ija.

"Amai, si mtundu wina iyi. Ni bana. Zambiri zikalibe kufika poikira mazira."

"Nanga bamai bake bali kuti?"

"Tinabadya kudala, kalekale."

Ba Namasiku sanakangane ndi makinawo. Anayang'ana tinsomba tawo tili ndandanda pa ayezi. Popanda nsomba mumtsinje, tebulo lomwe ankasungira mwana wawo linali matabwa chabe.

Madzulo ku Malota, Lushomo akuwasisita msana, Ba Namasiku anamufunsa: "Ku loji kuja banakamba uyambe liti?"

"Pa Mande. Koma imwe munakana."

"Yenda. Usakachedwe."

M'mawa mwake Ba Namasiku anamanga chitenje, n'kunyamula beseni, ulendo kukachingamira galimoto yobweretsa nsomba ali okha.