Madigadi ya a Gondwe

Ntchito ya pagalaja sindinachite kuifunsira. Ndinali wokhoma ndowa pamsika wa Chitala, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi lachipani, ndipo mkazi wanga anali woyembekezera. Tsiku lina mzungu wina wachikulire ananyamula ndowa yanga n'kumaisisita m'mphepete mwachidwi. Anali a Renzo, Mtaliyana amene anali ndi galaja ku Salima.

"Wakhoma iwe?" anandifunsa m'Chichewa chawo chopotoka. "Bwera Lolemba. Ndikuyesa mwezi umodzi. Ukalephera, ubwerera kuno."

Kwawo, nkhondo yaikulu itangotha, a Renzo ankapanga matupi a magalimoto ndi manja. Ankandiuza kuti kalipentala ankayamba wasema chifanizo cha galimoto ndi matabwa, iwo n'kuika lata pachitsa chogoba pakati, kulimenya ndi nyundo yamtengo, kuliyeza pachifanizo, kulimenyanso, mpaka litakhala bwino. Galimoto imodzi inkadya miyezi. Kenako mafakitale anabweretsa makina odinda, oti chitseko chimatuluka kamodzin'kamodzi, ndipo ntchito ya amisiri inatha. Chodabwitsa n'chakuti a Renzo makinawo sankadana nawo.

"Tsopano ngakhale mphunzitsi amagula galimoto," ankatero. "Kale anali olemera okha."

Mkuluyu ndinkamugomera zedi. Ankatsinzina, kuyendetsa chikhatho pachitseko, n'kupeza kabampu koti ine ndi maso anga awiriwa sindikukaona. Koma manja awo anali atayamba kunjenjemera, n'chifukwa chake ankafuna munthu.

Sabata yachinayi, a Gondwe, alangizi a mpunga ku Lifuwu, anagunda ng'ombe ndi kagalimoto kawo ka ku Italy, ka m'fakitale komweko. Madigadi yakumanzere, lata lija lapamwamba pa tayala, inakwinyika ngati pepala. Kuitanitsa ina kukanatenga miyezi, pamene iwo Loweruka ankapita ku Rumphi ku ukwati wa mwana wawo.

A Renzo anandipatsa nyundo yosalazira ndi chitsulo chobulungira chogwiriziza kumbuyo kwa lata, iwo n'kupita kusiteshoni ya sitima kukatenga katundu. Ine, katswiri wa ndowa, ndinati aone lero. Ndinamenya pamalo amodzimodzi ndi mphamvu zanga zonse, osadziwa kuti lata lodinda ukalipanikiza choncho limatanuka. Pamalopo panatupa. Ndikadina ndi chala pankalowa, ndikasiya pankatumphukanso.

Ndinachita mantha. Mwezi wanga unali kutha mawa lake, mwana ali m'njira. Pashelefu panali chitini cha phala lomatira mabampu. Ndikanangokankhira chotupacho mkati, kumata, kupala ndi sanipepa, penti n'kubisa zonse. Chitinicho ndinachitsegula ndithu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinachitsekanso n'kukhala pansi.

"Bwana, ndawononga," ndinatero a Renzo atangofika.

Anasisita madigadi ija. Kenako anayang'ana chitini chija.

"Bwanji sunamate?"

"Mukanadziwa."

"Ine ndikanadziwa. A Gondwe akanadziwira ku Rumphi, phala litagwa pamsewu."

A Renzo anayatsa moto wa gasi wowotcherera, koma dzanja lawo silinkakhazikika, choncho anandipatsa ine. Anandiuza kutenthetsa kamalo kakang'ono ngati ndalama ya tambala mpaka kafiire, kugogoda pang'onopang'ono mozungulira ndi nyundo yamtengo, kenako kuziziritsa ndi kansanza konyowa. Lata linayamba kubwerera lokha. Tinabwereza kambirimbiri, iwo akuloza ndi chala, ine ndikugogoda.

"Makina amadinda bwino kuposa ine," anatero, "koma chikakwinyika sadziwa kubweza. Mpamene pali ntchito yako."

Lachisanu madzulo a Gondwe anazungulira galimoto yawo kawiri, atagwira chibwano.

"Kodi paja ndinagunda mbali iti?"

"Funsani mmisiri wangayu," anayankha a Renzo, akuloza ine.

Ndinathawira kuseri kwa galaja, chifukwa misozi inali itandipereka. Pagalajapo ndinagwirapo zaka zambiri, ndipo ndinawononganso zina, sindinama. Koma chiyambire tsiku limenelo, ndikalakwitsa ndimanena penti asanapakidwe.