Tsiku Limene Bambo Anga Anakhala Mmodzi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 pa sukulu ya mishoni kwathu kwa Nthache. Bambo anga, a Domingos, anachokera kutsidya kwa Zobue ndipo ankaotcha makala. Aphunzitsi athu, a Kamwendo, anandisankha kuti tsiku lotsekera sukulu ndidzalankhule m'Chingerezi za makolo anga. Wolankhula bwino ankapatsidwa malo ku sukulu yogonera komweko.

Ndinalemba pa sileti kuti, "Domingos are my father." Zifukwa ndinali nazo. Dzinalo limathera ndi s, chilembo chimene anatiphunzitsa kuti chimachulukitsa zinthu. Komanso kwathu munthu wamkulu timati "abwera", osati "wabwera".

A Kamwendo anafufuta "are" ndi chala chamalovu.

"Iwe, bambo ako alipo angati?" Kalasi yonse inaseka. "Dzina la munthu mmodzi, ngakhale litathera ndi ma s khumi, limatenga 'is'. Chingerezi sichiwerenga imvi."

Nditaweruka ndinawapeza bambo pa uvuni wa makala, utsi ukutuluka m'ming'alu ya dothi, ndipo ndinawafotokozera.

"'Is' ameneyo ndiye chiyani?" anafunsa.

"Ndi monga kunena kuti 'uyu', momwe timanenera mwana kapena mbuzi."

Anapukutira manja akudawo pa kabudula.

"Nena momwe akufunira, mwanawe. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ulemu wanga sungakuchotse pa makala pano."

Tsikulo ndinanena "is" mokweza. Anthu anaomba m'manja. Bambo, atavala jekete lobwereka, anaomba nawo, maso ali pansi. Malo aja ndinawapezadi.

Moyo wanga wonse ndinautha ndikukonza Chingerezi cha ena ku Blantyre, kufufuta "are" pa maina onga la bambo anga. Ndinapuma ntchito zipani zitachuluka, n'kubwerera kwathu ku Mwanza.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga, amene amaphunzira sukulu yolankhula Chingerezi chokhachokha, anandiona ndikulowa pa chipata, nakuwira amake kuti, "Mami, uja wabwera!"

Palibe anamudzudzula. Nanenso ndinangoweramitsa mutu. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chimene bambo ankachiyang'ana pansi tsiku lija. Iwo anapereka ulemu wawo kuti ine ndichoke pa makala. Ine wanga watha, ndipo sindikuona amene wapulumuka nawo. Mwanayo sanaphwanye lamulo lililonse limene ndinalitumikira: ndilipo mmodzi.