Zenera Lija ndi Lanu, Malume

Malume, lero pafoni ndaona kanema wa ku dziko la Cheki. Mmisiri amauzira galasi lamoto popanga mtsuko, munthu amene anajambula mtsukowo papepala ali pambali pake. Atamaliza, analembapo mayina onse awiri. Ndalephera kuonera kachiwiri.

Ndakumbuka zenera la kapela yathu ku Lifidzi. Ine ndinangojambula nkhunda papepala, inu munadula magalasi amitundumitundu masabata atatu, zala zili mabala okhaokha. Tsiku lodalitsa, apadiri atafunsa amene wapanga, ndinaimirira ndekha. Munandiombera m'manja ndi zala zokulunga nsanzazo. Pobwerera munangoti, "Mphwanga, dzuwa likulowa bwino paphiko paja." Munamwalira ndisanakonze bodza langalo, ndipo mpaka lero anthu amanditamanda ine. Abale a ku Lifidzi, imvani: zenera lija anapanga ndi malume.