Senta ndi Maungu a ku Katete

Senderani kuno adzukulu, mafoniwo ayambe agona, ndikuuzeni za senta. Sukulu sindinapondeko ine, koma liwu limeneli ndinaliphunzira ndi pakhosi. Senta ndi utsi wa m'chumuni cha kumgodi, kumene amasungunulira kopa. Ankanunkha ngati machesi ongoyatsa kumene. Ukamupuma, maso ankalasa, kukhosi kukuyabwa, ndipo akatera pa ndiwo, masamba ankauma ngati awaulidwa ndi moto.

Dzinja lina amayi anabwera ndi nthanga za maungu kuchokera ku Katete, zomanga pakansalu, mbewu yotsala ya malemu amayi awo. Anazibzala kuseri kwa nyumba yathu ku Kitwe, natipatsa ntchito ine ndi akulu anga a Tisa yoyang'ana chumuni. Utsi ukangokhotera kwathu, ana a m'komboni monse tinkakuwa kuti "Senta! Senta!" n'kuthamanga kukanyika masaka m'madzi, kufunditsa mbewu. Kwa ife anali masewera okoma kuposa fulaye, moti tinkalimbirana kukuwa choyamba.

Tsiku lina amayi ali kumsika, mphepo inatembenuka mwadzidzidzi. Maungu anali atayanga, masaka osakwanira. Ndinalowa m'nyumba, n'kusolola m'sutikesi chitenje cha amayi cha ku Misa, chosavalidwapo n'kamodzi komwe, n'kuchiviika m'ndowa. A Tisa anagwira pakamwa, kenaka anagwira nsonga inayo. Tinaima mu utsimo titakoka chitenje, tikutsokomola, tikuseka, misozi ili chuchuchu.

Amayi atafika anayang'ana chitenje chamatopecho. Anasuzumira dimba la aneba athu, Bana Mulenga, litafota kale. Ndiye anavundukula maungu awo, ali biriwiri.

"Wakuba iwe, Mulungu akudalitse," anatero, khutu langa atalipotokola.

Maunguwo anabereka, ndipo Bana Mulenga anapemphako nthanga, nakazibzala ku Kanini atasamukira ku Ndola. Amayi anakagona kumanda a kwawo ku Katete. A Tisa anakwatiwa, nabereka ana asanu, koma chifuwa chawo chinkalira ngati kamphaka mpaka tsiku lomwe anatisiya. Msuweni wanu wophunzira ku yunivesite ya ku Riverside akuti senta ndi chimodzi chabe mwa zoipitsa mpweya, zina zimalowa m'madzi a Kafue ndi m'nthaka. Ine nthawi ija ndinkati senta amadana ndi masamba okha. Tinkafunditsa maungu mosamala, ife eni tili kukamwa yasa.