Nsalu Yakuda ya Che Amadi

Nkhaniyi anandiuza ndi a Sikina, mayi wogulitsa zitumbuwa pa Lirangwe, tsiku lomwe basi inandisiya. Ndi ya amuna awo, Che Amadi.

Mu 1971 Che Amadi anachotsedwa ntchito chifukwa cha tulo. Ankagwira kwa mzungu wina wotolera ntchentche za kashembe m'nkhalango za m'mbali mwa Shire. Poti kashembe amatsata chakuda, mzunguyo ankawaveka nsalu yakuda n'kuwatsogoza dzuwa lili pamutu. Iye pambuyo, jombo kuphazi, malaya oyera mbee, akuwola ntchentchezo ndi kaukonde pamsana pa mnzake. Bambo wa ana anayi kumusandutsa nyambo!

Che Amadi atayamba kuodzera ali chiimire, bwanayo anati, "Ulesi! Pita kwanu."

Mabokosi a kashembe anakwera ndege pa Chileka. Wolumidwayo anabwerera pa lole ya makala. Akadadandaula kuti? Masiku amenewo pakamwa pankapha mwini.

"Bambo ake Abdu, uwu si ulesi," anatero a Sikina atawapeza akugona pakati pa mapemphero a swala. Anawakokera kuchipatala ku Blantyre. Anawapeza ndi kaodzera, nthenda ya kashembe. Majakisoni ake owotcha ngati moto, miyezi itatu. Anatuluka manja akunjenjemera, khasu osaligwira.

Tsiku lina ali pakhonde anaona nsalu ija itayanikidwa pachingwe, ntchentche zoluma ng'ombe zitaunjikana pomwepo.

"Mayi, taonani. Zimafuna nsalu izi. Nanga ine ndinkatanimo?"

Anayamba kuphunzira kusoka, singano ikuwabaya zala mpaka magazi. Ankakoleka nsalu zakuda pansungwi n'kupaka ulimbo, kukhala misampha ya ntchentche. Anthu pamsika ankaseka: "Awo akubwera, Shehe wa ntchentche!" Chaka choyamba sanagulitse ndi imodzi yomwe. Chachitatu, oweta ng'ombe a kumtsinje ankabwera panjinga kudzaima pamzere.

Kenako kunafika wofufuza wina wa za kashembe, akufuna munthu woti avale chakuda.

"Vekani nsungwi, bwana," anatero Che Amadi. "Ilibe mkazi, ilibe ana."

Wofufuzayo anagula misampha khumi, ndipo palibe wa pa Lirangwe amene anavalanso nsaluyo.

Inu amene akukutchulani aulesi pamene mukudwala ntchito yawo yomweyo, musataye mtima. Manja onjenjemera amasokanso.

A Sikina amati mzungu woyamba uja anadzalemba kalata yopepesa. Misampha ndinaiona ndi maso angawa, zipsera za singano ndinazigwira. Koma za kalatayo, mundikhululukire, ine sindikhulupirira.