Chitupa cha Atsamunda pa Mbaula Yanga

Loweruka m'mawa ndinatsala pang'ono kugwa ndi mpando. Ndinali pakhonde kunyumba kwanga kuno ku Chama, ndikudikira tiyi, pamene ndinaona mwana wanga Taonga akuyatsa mbaula ndi chipepala chachikasu chokhala ndi zidindo.

Chipepalacho chinachokera m'kachitini ka apongozi anga, a Kumwenda, amene abwera kuchokera ku Tembwe kudzaonana ndi adokotala chifukwa cha chifuwa chimene chakana mankhwala. M'kachitinimo amasungamo makadi a kuchipatala. Taonga atatumidwa kukatenga khadi, anapezamo pepala lakale n'kuganiza kuti ndi zinyalala.

Ndinamulanda litapsa kale ngodya imodzi. Ndinaliyang'anitsitsa. Chinali chitupa cha nthawi ya atsamunda, cha bambo awo a apongozi angawo. Dzina, mudzi, zidindo za msonkho, zonse zikuoneka.

"Iwe Taonga! Udziwa chimene uwotcha?"

"Ni chipepala chabe, adada. Makala ananyowa, manje niyatse na chani?"

Musaganize kuti mwanayu ndi wogona. Ali giredi seveni, ndipo pa mafunso a mbiri ya dziko palibe amamupambana m'kalasi mwake. Ndinamufunsa kuti chitupa n'chiyani. Anaima njo, manja kumbuyo, n'kulakatula m'Chingerezi osapuma: pepala limene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nalo, popanda ilo sukanapita kutauni kapena kulembedwa ntchito. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Koma chitupa chenichenicho chinali m'manja mwanga, chikufuka utsi, ndipo iye sanachizindikire! Abale, timaphunzitsa chiyani ana athuwa?

Apongozi anatuluka akutsokomola. Ndinkayembekeza chimkuntho, chifukwa ndi munthu amene amatha kukwiya tsiku lonse shuga akachepa m'kapu. M'malo mwake anaseka mpaka misozi.

"Chapsa lero?" anatero. "Chinafunika kupsa kalekale icho. Adada anachita chinyengo."

Apa ndinadzidzimuka kachiwiri. Ndakwatira m'banja limeneli zaka zambiri, ndipo nthawi yonseyi ndimamva kuti malemuwo anali ngwazi pa nthawi yomenyera ufulu. Tsopano imvani mmene ungwaziwo unabwerera.

Anthu a m'mudzi anagwirizana zowotcha zitupa pabwalo. Mwamuna aliyense ankapita kutsogolo n'kuponya chake pamoto, amayi akululutira. Bambo awo a apongozi anali pavuto. Popanda chitupa sakanabwerera kumigodi, ndipo kunyumba kunali ana asanu ndi awiri ofuna kudya. Kukananso kunali kudziitanira dzina la wogulitsa anzake. Ndiye anapinda bwinobwino pepala lokulungira sopo, anakuwa kuposa onse, n'kuliponya pamoto. Chenicheni anachibisa m'thumba la mpunga. Anthu anawanyamula pamapewa, ndipo ulemuwo anafa nawo.

Taonga anali atakhala pansi, kukamwa yasa. Mbaula inazima osaiona.

"Manje asekulu," Taonga anafunsa agogo akewo, "adada anu anali ngwazi kapena wamantha?"

"Kaya, mzukulu. Chimene nidziwa n'chakuti tonse seveni tinakula."

Mafunso anayamba kugwa ngati matalala. Akanagwidwa akanawatani? Akazi awo ankadziwa? Kumigodi ankayenda wapansi masiku angati? Ankagona kuti, ndi mikango ya m'dambomu? Mwana amene ndimachita kumuopseza kuti atsegule buku la mbiri anathamangira m'nyumba kukatenga kope ndi cholembera, popanda womutuma. Pofika masana anali atadzaza masamba atatu.

Ndakhala ndikuganiza za nkhaniyi sabata yonse, ndipo kunena zoona ndakwiya. Tinatenga nkhani yokoma chonchi, ya mantha, njala, bodza ndi nthungululu, n'kuiumitsa ngati nsomba yapadzuwa kuti ikwane mizere iwiri ya notsi. Kenaka timadabwa ana akamayasamula.

Tsegulani buku la mwana wanu usiku uno. Mupezamo zaka, mayina a misonkhano ndi zithunzi za amuna ovala masuti. Palibe amene akuopa. Palibe amene akuseka kapena kulakwitsa. Mwana wa kumudzi ngati ku Chifunda akawerenga, amaona ngati ufulu unapangidwira ku Lusaka m'chipinda chotseka, n'kutumizidwa kuno pa basi. Adziwa bwanji kuti agogo amene amawapitikitsira nkhuku pa mpunga analipo, ndipo anaona ndi maso?

Sindikunyoza aphunzitsi. Ambiri anachita kutumizidwa kuno kuchokera kutali ngati ine, sadziwa nkhani za midzi ino, ndipo mayeso amawapumira m'khosi. Koma kodi n'chovuta kupatsa ana ntchito ya kunyumba yakuti akafunse munthu wamkulu kumene anali tsiku limene mbendera inasintha? N'chovuta kuitana nkhalamba imodzi m'kalasi, ngakhale yokonda kukwiya ngati apongozi anga? Nanga inu olemba mabuku a ana, mukuopa chiyani kulembamo munthu woponya pepala la sopo pamoto? Mwana amene waseka nkhaniyo sadzaiwalanso chitupa.

Ifenso makolo tisadziyeretse. Nkhalamba zikayamba kukamba zakale timakweza wailesi. Ine ndemwe ndadya ndi a Kumwenda kambirimbiri, koma sindinawafunsepo kanthu kupatula za mvula ndi njovu zowononga m'minda.

Lachinayi adokotala anatiuza kuti chifuwacho sichili bwino, ndipo palibe zambiri zimene angachite. Apongozi anati ngati ndi choncho abwerere kwawo, sakufuna kufera pa boma. Taonga anandipempha kuti apite nawo ku Tembwe kwa sabata imodzi yokha, akamalize kulemba.

Ndinakana. Inde, ineyo amene ndakulalikirani ndime zonsezi. Ndinamuuza kuti mayeso ali pafupi, maphunziro apadera ndinalipira kale, ndipo pa pepala la mayeso sipadzabwera funso la agogo ake. Adzapita akatsekera sukulu mu Disembala.

Sanalire, sanatsutse. Tinawaperekeza apongozi kukakwera galimoto ya ku Tembwe, ndipo pobwerera ine ndi Taonga tinadzera pa msika. Kenaka anandiyang'ana.

"Adada, nkhani ya kumigodi sanatsirize. Ngati asekulu safika Disembala, nizafunsa ndani?"

Ndakhala ndikulemba danga lino la m'nyuzipepala nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri yankho sindisowa. Ili ndilibe. Inu mukanamuyankha chiyani?