Dzino la amayi anu

Moni nonse, ana ndi adzukulu.

Amayi anu awagoneka kuchipatala. Musalire, akupuma bwino, andikalipira kale kawiri.

Mmawa pochokera ku Misa anaima pamsewu ku Bwacha, thukuta lili kamukamu. Akuti nsagwada ikuwawa, pakati pa mapewa pakuwawa, mseru, mpweya ukuchepa. Ine bambo wanu, amene ndinkadziwa matenda a injini ya sitima ndi khutu lokha, ndinagamula pomwepo kuti ndi dzino. Ndinawakweza minibasi kuti akalizule.

Wozula mano anasuzumira mkamwa n'kundifunsa ine nkhalamba, "Ba shikulu, tizule dzino liti? Mbali iyi mulibe dzino ngakhale limodzi." Anaitana nesi, nesi akuti ndi mtima. Ndinamuuza mokweza kuti mtima umakhala pachifuwa, sindine mwana. Iye akuti azimayi ena umawayamba chonchi, pamodzi ndi kutopa kuja ndakhala ndikukutcha ulesi sabata yonse.

Manje adokotala awaletsa kutunga madzi ndi kusenza malasha. Amayi anu akuti ntchitozo nditenge ine, popeza ndimadziwa zonse.

Inu mukuti bwanji? Ndipo wina andiuze kumbali, mbaula amayatsa bwanji?